Njira Yofiira ya Mabasi

Okwera basi yake ankamutchula Achemwali Mochedwa. Dzinali linkamuwawa, chifukwa kudepoti ankanyamuka nthawi yake. Koma basi ikangolowa mumsewu waukulu, inkamira pakati pa timagalimoto, kalikonse munthu mmodzi, wina akudzola milomo, wina akuseweretsa foni. M'basimo anthu thukuta lili kamukamu, akumunena dalaivala ngati ndiye anamanga msewuwo.

Khonsolo itapaka utoto wofiira mbali imodzi ya msewu kuti muzidutsa mabasi okha, iye sanatengeke nazo.

"Utoto suletsa galimoto," anauza kondakitala wake.

Sananame. Lolemba m'mawa, pafupi ndi maloboti, chigalimoto chakuda chonyezimira chinalowa m'njira yofiirayo n'kuima, mwini wake foni ili kukhutu. Achemwali analiza hutala. Bamboyo anangotulutsa dzanja pawindo kuti adikire.

Achemwali anakoka handibuleki n'kutsika.

"Pepani bambo, mwaima m'njira yathu."

"Mayi, mukundidziwa ine?"

"Ayi. Koma awa muwadziwa lero."

Anthu anali atayamba kale kutsika: namwino, amayi a madengu, aphunzitsi, ngakhale mkulu wandevu amene ankamulalatira kuposa onse. Anazungulira chigalimotocho osachikhudza, n'kuyamba kuwomba m'manja pamodzi, phwa! phwa! phwa! Wapolisi wapamsewu anafika akubisa kuseka, n'kuloza ndi chala chikwangwani chonena kuti njirayo ndi ya mabasi okha. Bamboyo anakweza galasi, n'kukhotetsa galimoto kubwerera pamzere wa anzake, mutu uli pansi.

Onse atakweranso, Achemwali anaponda moto. Kutsogolo kunali mbee! Anaika giya yachitatu, kenaka yachinayi, imene dzanja lake linali litaiwala m'tauni muno. Timagalimoto tija tinkangotsalira kumanja, eni ake akusuzumira ndi maso ansanje.

"Chepetsaniko, achemwali!" anakuwa wandevu uja. "Tikafika abwana asanatsegule, tikawauza chiyani?"

Basi yonse inafa nacho chiseko, amayi a madengu n'kuthira nthungululu.

Tsiku limenelo Achemwali anafika kunyumba dzuwa likadalipo. Anapeza amuna ake pakhonde akulimbana ndi tsitsi la mwana wawo wamkazi, mwanayo misozi ili lengelenge.

"Mayi a mwana, nthawi ino? Akuchotsani ntchito kodi?"

"Tasunthani uko, mukumupweteka mwanayu," anatero Achemwali, n'kuwalanda chipeso.