Lageji ya a Vinsenti

Bokosi lachitsulo linali pamutu pa Faines, thukuta lili kamukamu, pamene amuna ake a Vinsenti anaima pachitunda kucheza ndi anzawo. Anali atangotsika basi pa Malomo kuchokera ku Joni, nsapato zili waliwali.

"Akazi anu aja ndi amenewa?" anafunsa mmodzi.

"Aa, iyi ndi lageji yanga," anatero a Vinsenti. "Ndimangoikoka."

Onse anafa nacho chiseko. Chizungucho Faines sanachimve, koma chisekocho chinamulasa mumtima. Zaka zonsezi kulima yekha, kusoka fodya yekha, lero amuseke pamsewu?

M'mawa mwake anapita kwa mlongo wake Mose, mphunzitsi wa pasukulu ya mishoni.

"Achimwene, lageji n'chiyani?"

"Ndi katundu wa paulendo. Liwuli azungu analitenga ku liwu lawo lakale lonena za kukhwekhwereza chinthu cholemera. Wafunsiranji?"

"Ayi, ndamva."

Anabwerera akutukutira ndi mkwiyo. Ha! Wosenza iye, katundu iye yemweyonso? Koma a Vinsenti anaiwala kanthu kamodzi: pamudzipo anali mkamwini. Nyumba, munda ndi chigafa cha fodya zinali pamalo pa amayi ake a Faines.

Faines anadikira tsiku la mowa, anthu atadzaza pabwalo, ankhoswe ali pomwepo. Analonga jekete, wailesi ndi mabulangete m'bokosi muja, nalikankhira pakhomo.

"Bambo, katundu wanu uyu. Njira ya kwanu ku Chezi mukuidziwa."

"Iwe, wapenga kodi?"

"Mkamwini asamakule mwendo. Munati mumandikoka. Lero mukoke chanu chenicheni, tione."

Ankhoswe anayesa kupepesa, koma Faines anakanitsitsa kwamtuwagalu. A Vinsenti anayang'ana uku ndi uku, koma panalibe mkazi ndi mmodzi yemwe amene anapinda nkhata. Anayesa kuliika paphewa, bokosi linakana. Linali lolemera kuposa tsiku lija! Basi anagwira chogwirira n'kuyamba kulikhwekhwereza kukwera chitunda chomwe chija, nsapato zija zili mbuu, ana akuwatsata pambuyo ndi mluzu.

Faines anatenga tsache n'kusesa mkwasa wa bokosilo mpaka kumalire a bwalo.

Madzulo amayi ake anafuna kupera mawere, koma anazungulira nyumba yonse osaupeza mwala.

"Faines, mphero yanga ija ili kuti?"

"Pepani amayi, ndikugulirani ina," anatero Faines. "Ijayi ili pa ulendo wa ku Chezi."