Kamphuno ka pa Msomali

Kuyambira pa malire a Mwanza mpaka ku Thambani, panalibe munthu wosamudziwa Melvin wa mawaya. Amene amapita ku Joni amabwerako ndi njinga, ena masofa, ena matenda. Melvin anabwerako ndi katoni ya magazini. Anaigula kwa mzungu wina wokalamba amene ankatseka shopu yake, ndipo anadutsa nayo Nyamapanda, Tete mpaka Zobue ataikhalira m'thiraki ngati thadzi pa mazira. M'magaziniwo munali zithunzi za mawaya, mabatire ndi timabolodi tobiriwira timene munthu amatilembera malamulo pa kompyuta, ito n'kumamvera kuposa wantchito.

Anawawerenga mpaka masamba anafewa ngati nsalu. Anapanga belu lolira mbuzi zikathyola khola. Anapanga nyale zoyaka zokha dzuwa likalowa. Koma chimene chinamutchukitsa ndi bokosi loswa mazira. Linali la matabwa, la galasi pamwamba, mkati muli mababu a galimoto otenthetsa, moto wake wochokera ku batire ya thiraki ndi sola. Pakati pa bokosilo pankalendewera kachitsulo kangati njere ya nyemba, kumapeto kwa waya. Melvin ankakatchula kamphuno, chifukwa ndi kamene kankanunkhiza kutentha. Mkati mukafunda mokwanira, kamphuno kankauza bolodi, bolodi n'kulira kuti "tha!", mababu n'kuzima. Mukayamba kuzizira, "tha!", n'kuyakanso.

M'magazinimo anajambulamo kachipangizo kachiwiri, kodula moto wonse ngati kamphuno kalephera ntchito. Melvin anakafuna ku Limbe, anakafuna ku Tete, osakapeza.

"Zimenezo n'za azungu amantha," anauza anthu pa msika. "Kamphuno kanga sikanama."

Ndipo sikananamedi. Anapiye ankaswa ambirimbiri, amayi a mudzi wonse n'kumabwera ndi mazira m'mipango.

Chimene chinkasowa pakhomo pake ndi kulira kwa mwana. Mkazi wake Esinati anakhala zaka akupita padera, mpaka anthu anayamba kunong'ona kuti bambo amaswa za nkhuku, za munthu zikumukanika. Kenaka mimba ina inakhala, koma sinafike masiku. Mwana anabadwa mu Juni, wamkazi, wochepa ngati botolo la sobo. Poti ankayamwa bwino, a chipatala anawatulutsa, atamulangiza Esinati kuti azimumangirira pachifuwa, thupi ndi thupi, kuti asazizidwe. Koma Esinatiyo anali atataya magazi ambiri. Akakhala tsonga pang'ono, nyumba inkazungulira.

Mayi ake a Esinati anabwera kudzasamala chikuta. Mchombo unali usanagwe, choncho mwamuna aliyense, ngakhale bambo wa mwana, sankaloledwa kulowa m'chipindamo kapena kugwira khandalo. Melvin anasamukira mu shedi ya mawaya kuseri kwa nyumba. Mwana wakeyo anali atangomuona kamodzi kuchipatala, nkhope yokha, ili m'nsalu.

Kunja kunkazizira, ndipo manja ake sankatha kukhala chete. Anatsuka bokosi lija ndi sopo, anayalamo kansalu katsopano, analumikiza bolodi ku kompyuta yake yakale n'kusintha malamulo kuti kutentha kutsike, kuyenere munthu osati dzira. Analinyamula mpaka pakhomo la chipinda, anavula chipewa, ananjuta atayang'ana kumbali.

"Odi amayi. Pepanitu kukusokonezani."

"Eee bambo," anayankha apongozi ake mkati, chitseko atangochitsegula pang'ono.

"Ndati bokosili lithandizeko. Anzangawo akatopa, mwana azigonamo pang'ono, iwo apumule."

"Mwana si dzira, bambo."

"Zoona amayi. Koma muyeseko."

Munthu amene anakanganapo ndi apolisi a pa malire m'zilankhulo zitatu, pano lilime linamulemera. Mkamwini angayambe bwanji kuphunzitsa apongozi ake ngati mwana wa sukulu? Anangoti, mawu ali pansi, "Kachitsulo kolendewerako kazikhala mkati."

"Tamva," anatero apongozi, akukokera bokosilo m'chipinda. Esinati anali m'tulo.

Masiku oyamba zinayenda. Khoma la shedi linali lomwelo la chipinda, ndipo Melvin ankagwira ntchito khutu lili kukhomako. "Tha!" Ankamwetulira. Patapita kanthawi, "tha!" Esinati anayamba kudya, mawu ake anayamba kumveka akuseka.

Tsiku lina m'mawa kunagwa chiperoni, nkhungu inaphimba mitengo ya manachesi mpaka ya pakhomo yomwe osaoneka. Apongozi anasenza ndowa kupita ku mjigo. Posakhalitsa panafika Tiyese, msuweni wa Esinati, woyendetsa kabaza wa njinga yamoto, atamangirira chisipika cha tchalitchi kumbuyo.

"Alamu! Injiniya wa nkhuku! Ndamva mwayamba kuswa anthu tsopano."

"Iwe seka. Tsiku lina a chipatala adzabwera kudzagwada pano."

"Adzagwada kudzakumangani maunyolo. Taonani chisipikachi, chikungolira ngati nkhumba abusa akamalalikira."

"Mwina chikuvomereza ulalikiwo. Bweretsa kuno."

Melvin anachitsegula, anapeza kawaya kothothoka, anakawotcherera. Ntchito inali yatha, koma munthu womvetsera anali atapezeka. Anatsitsa katoni ija, anayamba kuvundukula masamba.

"Ukuona ichi? Makina othirira dimba okha, mwini wake ali gone. Ichi ndinachiona ndi maso ku Joni, fakitale yonse ikuyendetsedwa ndi kabolodi ngati aka. Ine ndikanabadwira kumeneko, bwenzi pano ndikukwera ndege ngati minibasi."

"Ndiye munabadwira ku Thambani, alamu. Tayatsani timve."

Anayatsa. Nyimbo ya kwaya inagwedeza malata. Tiyese anavina pang'ono, Melvin anakweza kuti amve ngati chikunjenjemera, anatsitsa, anakwezanso, akufotokoza za masipika a ku Beira aakulu ngati chitseko. Atazimitsa, m'shedimo munangoti zii.

Tiyese anayamba kumangirira chisipika chake. Melvin anaima, khutu kukhoma. Anadikira. Madzi ankadontha kuchokera pa malata. "Tha!" sanamveke. Anayesa kukumbukira kuti anamumva liti komaliza, ndipo anapeza kuti chiyambire m'mawa sanamumve.

Anathamangira kukhomo la chipinda.

"Esinati! Esinati!"

Kunali chete. Anagwira chitseko, n'kuchisiya. Akalowa, mwana n'kudwala, adzati ndi iye. Anaitananso, anagogoda, anayang'ana njira ya ku mjigo. Munali nkhungu yokha. Kenaka anamva fungo la nsalu yotentha, ndipo anakankha chitseko ndi phewa.

Esinati anali m'tulo tofa nato, dzanja lili pa bokosi. Pagalasi anali atafundikapo bulangete chifukwa cha chisanu. Pakhoma, pafupi ndi zenera lolowa mphepo, kamphuno kanali kolendewera pa msomali, waya wake atakulungidwa bwinobwino. Kankanunkhiza chiperoni, n'kumauza bolodi kuti kukuzizira, kukuzizirabe, onjezani moto.

Anaponya bulangete uko. Mababu anali ngwee. Mwana anali wofiira, milomo youma, osalira, kachifuwa kakugunda msangamsanga ngati ka mbalame. Melvin anazula waya wa batire, ananyamula mwanayo. Aka kanali koyamba kumugwira mwana wake, ndipo kathupi kake kanamuotcha m'manja.

Ndowa inagwa pakhomo.

"Mayo ine! Mwalowa? Mwamugwira mwana?"

Melvin anawayang'ana apongozi ake m'maso, chinthu chimene anali asanachitepo chikwatirire.

"Kachitsulo kaja mwakachotseranji?"

"Kamamukhudza patsaya, kozizira ngati njoka. Chitsulo chogwiragwira amuna chizikhudza khanda? Ndangokapachika apo kuti kasatayike."

Esinati anali atadzuka. Anamulanda mwanayo, anamuika pachifuwa, anamanga nsalu, anatuluka akudzandira. Tiyese anagwetsa chisipika m'matope, analiza njinga, Esinati ndi mayi ake anakwera, nkhungu inawameza. Melvin anawatsatira wapansi, akuthamanga, nsapato imodzi itatsala m'matope.

Sanafike kuchipatala. Anakumana nawo pa mlatho akubwerera. Njinga inali yozimitsa, Tiyese akuikankha, chipewa chili m'manja. Esinati ankayenda pang'onopang'ono, manja onse atagwira nsalu ya pachifuwa. Anamudutsa mwamuna wake osamuyang'ana.

Khanda lomwalira lisanatuluke m'chikuta silikhala ndi maliro. Sipakhala bokosi, sipakhala nyimbo, salira mokweza, ndipo amakaliika amayi okhaokha. Anasonkhana kuseri kwa nyumba, akulankhula motsitsa. Melvin ali mu shedi ankamva zonse kudzera m'malata. Ena ankati ndi bokosi. Ena ankati bokosi linalibe mlandu, mwana anapita chifukwa bambo analowa. Za kachipangizo kachiwiri kamene sanakapeze ku Tete panalibe ankadziwa, kupatula iye.

Chakumasana panamveka kutsokomola pakhomo la shedi. Anali apongozi ake, atagwada, atayang'ana kumbali.

"Bambo, pepani. Amayi anzanga akuti tipeze katoni yolimba, yonyamulira mwanayu."

Panalibe katoni ina pakhomopo. Melvin ananyamula ya ku Joni ija, anatuluka nayo, anaitembenuza. Magazini anakhuthukira m'matope, masamba akutseguka, mvula yowaza ikugwera pa zithunzi. Anaipukuta mkati ndi malaya ake, anaipereka ndi manja awiri.

Amayi aja atanyamuka mwakachetechete kulowera kunkhalango, iye analowa m'chipinda muja. Panalibenso womuletsa. Analumikiza batire, mababu anayaka. Anachotsa kamphuno pa msomali, anakabwezera m'bokosi, pamwamba pa kansalu kamene kanali kakadali ndi kadzenje ka mutu, n'kutseka galasi. Anakhala pansi.

Sipanatenge nthawi.

"Tha!"

Mababu anazima.