Wokonza Mafiriji Apeza Pakamwa

Mng'ono wanga ukamuyamikira amayang'ana zala za kumapazi. Adzutse firiji yoti eni ake anaitaya kale, iwo n'kunena kuti, "Koma ndiwe katswiri," iye amangoti, "Aa, ndimangoyesa."

Khalidwe limeneli linamuluzitsa ntchito kawiri. Kampani ina yokonza mafiriji a m'masitolo itamuitana ku intavyu, bambo athu ananeneratu: "Ukalephera iyi, masipanala uwaiwale. Uzidzagulitsa mushopu mwanga."

Ndinamukokera kwa aneba athu, mayi amene amalemba anthu ntchito pafakitale ya sopo. Anamuikira mpando pakhonde, moyang'anana nawo.

"Tiyerekeze. Umatha kuwotcherera paipi ya gasi?"

"Pang'ono, mayi."

"Pang'ono? Firiji yanga ija inachira ndi pang'ono ameneyo?" Anapukusa mutu. "Mwana iwe, ine ndimalemba zimene ndamva. Ukati pang'ono, ndilemba pang'ono. Wobwera pambuyo pako, wosadziwa n'kogwira sipanala komwe, akati 'kwambiri', ntchito watenga."

"Ndiye ndizikadzitama pamaso pa akuluakulu?"

"Kudzitama n'kunena zimene sunachite. Iwe nena zimene manja ako anagwira: firiji yanji, inkavuta pati, unatani. Chimene sukuchidziwa, vomera. Ndipo yang'ana ine. Pansipo sipalemba munthu ntchito."

Anabwereza mafunsowo mpaka mawu ake anayamba kumveka kumsewu.

Za ku intavyuko anatiuza yekha. Kuseri kwa tebulo lalitali kunali abambo awiri ndi mayi mmodzi. Bambo wa dazi anamuyeza ndi maso.

"Mtsikana ngati iwe, firiji ya m'butchala ungaithe?"

"Ndinaithapo, bwana. Ya butchala wa kwathu inkataya gasi. Ndinapeza pobowoka ndi thovu la sopo, n'kuwotcherera. Mpaka lero nyama imauma gwa. Nambala yawo ndili nayo."

"Nanga zipinda zozizira zikuluzikulu zija?"

"Zimenezo sindinazigwirepo. Mukandionetsa, ndiphunzira."

Pomaliza anawafunsa nawonso za malipiro, nthawi yoyesedwa ndi zovala zodzitetezera. Wa dazi uja anaseka: "Kodi akufunsidwa ndani pano?"

Foni inalira sabata yotsatira. Anamutenga, koma kunthambi ya kutali.

Bambo athu anakanda mutu. "Mwana wamkazi yekhayekha, konseko?"

"Ndipita, bambo," iye anatero. "Ntchito ndinaipempha ndekha."

Bambo anatsitsa chikwama chawo chachikopa pamwamba pa kabati n'kuchipukuta fumbi.

Inu ofuna ntchito, ulemu pitani nawo, koma luso lanu musalibise. Okufunsaniwo sakudziwani, adziwa zokhazo zimene mwawauza. Nenani zoona, ndipo zimveke.

Mng'ono wanga walongedza ovololo, nsapato zolimba ndi masipanala ake onse. Zipi inakana kutseka mpaka ine ndinakhalira chikwamacho. Chili pakhomo, chikudikira basi ya m'mawa.