Wanga

Mayi anali akupinda malaya a malemu amuna awo pamene anamva kapu ikusweka kukhitchini. Anapeza mwana wawo ataima pa sinki, akuyang'ana dzanja lake ngati la munthu wina. Iye anati kapuyo inali yonyowa. Mantha anawagwira mayi, chifukwa bambo akenso anayamba ndi makapu.

Amuna awo, amene anthu ankawatcha Chipupa, anasewera kumbuyo zaka khumi ndi zisanu, akubweza mipira ndi mutu. Mpira ukakwera m'mwamba ankakuwa kuti “Wanga!” ndipo anzawo ankapatuka. Atasiya kusewera, mutuwo unayamba kutaya zinthu: makiyi, njira ya kunyumba, kenako mayina a ana. Dokotala anati ubongo unagundidwa kambirimbiri. Pamapeto anatsala ndi liwu limodzi lomwelo, ndipo ankalikuwa nthawi zonse mwanayo akanyamula chikwama kupita kumpira. A m'banjamo ankangoseka mwachisoni kuti mkuluyo akadali m'bwalo.

Tsopano panali patapita masiku anayi chiwaikireni m'manda, ndipo alamu awo a mayi anali pabalaza ndi jezi ya nambala 5 yochokera ku timu. Mwanayo, amenenso ankasewera kumbuyo, anayenera kuivala Loweruka polemekeza bambo ake. Mayi anakumbutsa kuti mwezi watha mwanayo anawombana mitu ndi mnzake, ndipo mpaka pano amatsinzina akatuluka padzuwa. Alamu anati mwana wa Chipupa sangathawe mpira wam'mwamba anthu onse akuona.

“Mayi, ndi kamutu chabe,” anatero mwanayo. “Ndikakana, anthu adzati chiyani?”

Anapita kukasaka nsapato zake zosewerera, zomwe sanazione chivulalireni. Nyumba imeneyi inkadya nsapato. Chaka chomwechi zinali zitasowa kale kawiri. Mayi anabwerera kuchipinda, ndipo pofuna poika malaya aja anakoka sutikesi ya malemu pansi pa bedi. Inali yolemera modabwitsa. Pansi pa majezi akale munali mapeya atatu a nsapato, zingwe zake zitamangidwa pamodzi mfundo pamwamba pa mfundo.

Mayi anaitana mwana wawo motsitsa mawu. Mwanayo anagwada, nayesa kumasula mfundo imodzi ndi zikhadabo, kenako ndi mano, koma inakana. Anaimanga ndi munthu amene sankathanso kutseka batani la malaya ake.

“Pokuwa paja kuti ‘wanga’,” anafunsa mayi, “bambo ako ankayang'ana ndani?”

Mwanayo anaweramira nsapato zili pamiyendo pake. Alamu anafunsa ali pabalaza ngati wazipeza, poti nthawi yokakonzekera masewero inali itakwana.

Mwanayo anazibwezera mmene zinalili, nazifunditsa jezi yakale ya bambo ake, natseka sutikesi.

“Ayi, bambo aang'ono,” anayankha. “Sindinazipeze.”