Moni wa a Silvesta Pansi pa Mapiko

Kwathu ndi ku Ndirande, koma sindikhalitsa pamalo. Chaka cha madzi osefukira chinandipeza ku Mtakataka. Ntchito yanga inali yomasulira pa wailesi m'helikopita ya bungwe lina lothandiza anthu. Woyendetsa wake sankamva Chichewa.

Tsikulo tinkasaka mayi wina, Kadzuwa. Nthawi yake yochira inamukwanira ali pachulu, pakati pa madzi, kumunsi kwa Golomoti. Wodziwa malowo anali mmodzi: a Silvesta, mlangizi wa zaumoyo, amene anali naye limodzi. Ovaova yawo, wailesi ya m'manja yolankhulirana nafe, inali yofooka mabatire.

Vuto linali mapiko a helikopita. Akamazungulira amadula mawu asanafike bwino pa eriyo. Mawu amphamvu amapulumuka. Ofooka amabwera zidutswazidutswa, ngati munthu akulankhula kutsogolo kwa fani.

"Mwa... dzuka... anji... mwene..."

Moni. Bamboyo ankapereka moni.

"Bambo, siyani moni! Tchulani malo basi!"

Anayambiranso. Kuyambira pa moni pomwe.

"Akuti chiyani?" anafunsa woyendetsa, maso ali pa geji ya mafuta.

"Akufunsa ngati ndagona bwino."

Sanaseke. Anatera pabwalo la mpira lomwe linali lisanamire, n'kuzimitsa injini. Mapiko anazungulira mwaulesi. Anaima. Mawu aja anamveka onse.

"Mwadzuka bwanji, achimwene a m'mwambamo?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu?"

"Tadzuka, ngakhale tanyowa. Nanga kunyumba? Mayi? Ana?"

Ndinayang'ana matope panja. Chichokereni ku Blantyre, palibe anali atandifunsapo zimenezo.

"Kulibe, bambo. Ndili ndekha."

"Ooh, pepani. Mwana wa m'tauni inu eti? Za uchembere sitiponyera munthu wosam'dziwa ngati mwala. Tsopano takudziwani. Tsatirani njanji mpaka pa mlambe wong'aluka. Chulu chili kum'mawa kwake. Tapachika chitenje chofiira."

Tinanyamuka. Chitenje tinachiona. Kadzuwa tinakamusiya kuchipatala cha Mua, ndipo anachira mwana wamkazi. A Silvesta anatsala pachulu paja ndi anthu ena, kudikira bwato. Ndinangowaona ali pansi, atagwira chipewa kuti mphepo ya mapiko isachiulutse.

M'mawa mwake, injini isanalizidwe, ndinayatsa wailesi.

"A Silvesta, mwadzuka bwanji kumeneko?"

Mabatire awo anali atatha. Ndinafunsabe za kunyumba, za mayi, za ana. Kenako mapiko anayamba kuzungulira.