Boti Lomwe Linabwera pa Ngolo

Munali mu Okutobala, chaka chomwe Apwitikizi ankalongedza katundu ku Mozambique, pamene ngolo ina inatulukira pachitunda cha ku Dzoole itasenza chinthu chimene ng'ombe za ku Dowa zinali zisanakokepo: boti. Boti lenileni, lopaka utoto wobiriwira, la injini m'mimba mwake. Pambali pake pankayenda mnyamata wamtali, chipewa chili pamphumi. Sanafunse njira. Analunjika pa damu lomwe linali pakati pa midzi iwiri, natsitsa botilo, n'kukhala pansi kuyamba kutafuna nzimbe.

Elube anali pomwepo akutunga madzi othirira nazale ya fodya. Keni inadzaza mpaka kusefukira iye osaona.

"Kodi alendo, timati ndani?" anthu anafunsa.

"Boti likazungulira damu ili, dzina mulimva," anayankha mlendoyo m'Chichewa chonunkhira Chisena. "Bambo anga ndi akonkuno. Anati ndisawatchule botili lisanayende, chifukwa munawaseka kokwanira."

Akuluakulu anayang'anana. Kale, pamowa, anyamata awiri analumbira kuti tsiku lina adzayendetsa boti kumapiri kuno, anthu n'kuseka mpaka kugwa pamipando. Mmodzi anali Isake, mlongo wa amayi ake a Elube. Wina anali Gregorio, mng'ono wa bambo ake, wa kutsidya kwa damu. Onse awiri analowera ku Beira tsiku limodzi, osamvekanso.

Apa ndi pamene mtima wa Elube unayamba kuthamanga ngati nkhuku yoona kabawi. Ngati mlendoyo anali mwana wa a Isake, ndiye msuweni wake, munthu womunyoza, kumulanda nzimbe, ngakhale kukwatiwa naye anthu n'kuimba nthungululu. Koma ngati anali wa a Gregorio, ndiye mlongo wake, ndipo maloto onse omwe anayamba kumera pa keni paja anayenera kuzulidwa asanatulutse masamba.

Kunyumba sikunathandize.

"Mphuno ija ndi ya kwathu," anatero a Aroni, bambo ake. "Gregorio weniweni."

"Mphuno yanu ndi iti yoti munthu n'kuinyamula mpaka ku Beira?" anayankha mayi ake, a Lenia. "Taonani mayendedwe aja. Achimwene anga ankaponda choncho."

A Nedson, wapampando wa chipani m'deralo, analibe nazo ntchito mphuno. Anapita pa damu njinga ili m'manja.

"Achimwene, masiku ano munthu wopanda dzina sakhalitsa m'mudzi," anatero. "Ine akandifunsa ku Boma ndikati chiyani? Loweruka dzuwa likamalowa ndimve dzina, apo ayi mumange ng'ombe zanu."

"Boti likakanika, ndipita ndi dzina langa lomwe," anatero mlendo, amene tsopano aliyense ankamutchula kuti a Chiboti.

Ndipo botilo linali ndi vuto. Injini yake inkamwa madzi a m'damu kudzera m'paipi kuti isatenthe, ndipo pakamwa pa paipiyo pankafunika sefa. A Chiboti anali nazo ziwiri. Anazionetsa kwa Elube, yemwe mwadzidzidzi nazale yake inayamba kufuna madzi ambiri kuposa nazale zonse za m'Dowa.

Yoyamba inali yamkuwa, yonyezimira, yooneka ngati chigoba cha nkhono chokhala ndi timipata. Iyo inali yomangirira kunsi kwa boti, kunja, m'madzi. Yachiwiri inali yosakongola: kadengu ka waya kokhala m'chibotolo chokhala ndi chivundikiro chagalasi, yoikidwa mkati mwa boti momwemo.

"Ine ndasankha yamkuwa," anatero a Chiboti. "Bambo anayenda nayo m'nyanja yamchere, yamafunde otalika ngati nkhokwe. Kadamu aka kangaitani?"

"Kadamu?" Elube anagwira m'chiuno. "Muzifunsa eni ake."

Analiza injini, boti linasuntha, ana anakuwa. Lisanafike n'komwe pa bango lapakati, injini inayamba kutsokomola, kenako inatulutsa utsi n'kukhala chete. Ndere zinali zitamata timipata tonse. A Chiboti anavula malaya n'kumira kukazichotsa. Anavuuka ndere zili kumutu ngati nduwira, misundu iwiri ili pamsana.

Elube anaseka mpaka kukhala pansi. Anathandiza kuchotsa misunduyo ndi phulusa la fodya, akuyang'ana kumbali monga mwana woleredwa bwino.

"Zikomo, mlongo wanga," anatero mnyamatayo.

Kuseka kunathera pomwepo. Mlongo? Kodi ananena monga anenera aliyense kwa mtsikana, kapena lilime linamuterereka n'kuulula? Tsiku lonse Elube anathirira bedi limodzi la fodya, ena onse akufota. Koma m'mawa mwake mnyamata yemweyo anamuuza kuti miyendo yake ndi yoonda ngati ya kakowa, ndipo kunyoza kotere amachita ndi msuweni. Elube anapita kunyumba akuimba.

"Ikani ya kadengu ija," Elube anamuuza Lachisanu. "Ndere za muno sizitha. Chilichonse mungaike chitsekeka basi. Bola chotsekekera pamene maso akuona ndi manja akufika, kusiyana n'kukadyetsa misundu."

"Ndiye wina aziyang'ana pagalasi ine ndikuwongolera."

"Ndiye wina aziyang'ana," anatero Elube, akuyang'ana zala zakuphazi.

A Chiboti anaisisita yamkuwa ija mwachisoni, naikulunga m'chiguduli.

Loweruka midzi yonse iwiri inatsikira pa damu. Akwawo kwa a Gregorio anaima tsidya lawo, akwawo kwa a Isake tsidya lino, ndipo aliyense anabwera ndi nkhuku yolandirira mwana wawo. A Nedson anakhala pa chitsa akuyang'ana dzuwa.

"Iwe Elube, ukakwera boti ndi mlongo wako, palibe mlandu!" anakuwa a Aroni.

"Akakwera ndi msuweni wake, mlandu ndi wokoma!" anayankha a Lenia, amayi onse n'kugwa nacho chiseko.

Boti linanyamuka. Elube anagwada pafupi ndi chibotolo, maso ali pagalasi. Madzi ankadutsa oyera, kenako tindere, kenako mbululu zinayamba kulowa ngati zaitanidwa kuukwati. Atadutsa bango, kadengu kanali katadzaza.

"Imani, katsekeka!"

Injini itangozima, Elube anatsegula chivundikiro mwachangu. Anaiwala chimene anauzidwa dzulo lake, choti ayambe watseka kampopi ka pansi kolowetsa madzi a m'damu. Madzi anathovoka ngati kasupe, kumumenya kumaso, mbululu zili piringupiringu m'chitenje. A Chiboti anadumpha n'kutseka kampopiko, akuseka mpaka misozi.

"Mwafuna kumiza dzina langa pakati pa damu?"

"Likanakhala lolemera bwenzi titamira kale," anatero Elube akulavula madzi. Anakhuthula kadengu, anakabwezera, anamanga chivundikiro, ndipo anayamba kukapa madzi ndi chipewa cha mwini boti.

Anaimanso kawiri konse. Dzuwa linali litatsamira pa mapiri, a Nedson ataimirira kale, pamene boti linamaliza kuzungulira n'kugunda matope pamalo pomwe linanyamukira. Nthungululu zinamveka mbali zonse ziwiri.

Kenako maso onse anatembenukira kwa mwini boti. Nkhuku zokha n'zomwe zinkalira m'khwapa mwa eni ake. Elube anakhala m'boti momwemo, wonyowa, atagwira chibotolo chija ngati kuti chingamuteteze.

Mnyamatayo anaimirira, navala chipewa chake chodontha madzi. Sanayang'ane a Nedson, kapena a Aroni, kapena anthu a nkhuku zawo. Anayang'ana Elube.

"Miyendo ya kakowa," anatero monong'ona, kenako anakweza mawu kuti amve ndi akutsidya omwe. "Ine ndine Mateyu, mwana wa a Isake!"