Kabotolo ka Lolemba

"Mwasokoneza mabotolo inu," anatero Endale. "Bambo anga tinawaika m'manda Lamulungu. Makhololo a Lolembawo alavulira kuti?"

Namwino Mulunesh anali atabwera kudzapepesa maliro a Gashaw ngati wina aliyense wa m'tauni ya Debre Markos, koma atamwa khofi m'tenti anapempha kuonana ndi banja palokha. Ndiye anaima kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mbaula, iye, mayi wamasiye a Tiruwork, Endale mwana wawo wachisamba, ndi Wubalem mzime, amene ankakazinga khofi nkhope ili pansi.

"Ndifotokozenso pang'onopang'ono," anatero namwinoyo. "Wodwala chifuwa chachikulu amatibweretsera makhololo nthawi ndi nthawi kuti tione ngati tizilombo tikufa. A Gashaw atamwa mankhwala miyezi iwiri pamaso pathu, tinayeza, osapeza kanthu. Tinasangalala, tinayamba kuwapatsa oti azikamwera kunyumba. Mwezi wathawu tizilombo tinaonekanso. Ndinawapatsa kabotolo kena kuti titsimikize, ndipo Lolemba m'mawa kanapezeka pawindo la koyezera. Tizilombo tili mbwee."

A Tiruwork anagwira mkono wa Endale. Chimwalirireni amuna awo anali asanagone, ndipo mutu unali utaima.

"Ndiye kuti ali moyo?" anafunsa.

"Amayi! Ndinawasambitsa ndine," anatero Endale.

"Nanga akutanthauza chiyani mayiyu? Achira kapena sanachire?"

"Amwalira, amayi."

"Ndikudziwa kuti amwalira! Ndikufunsa ngati anachira."

Endale, munthu woti akasokonezeka amathamangira kukalipa, anabwerera kwa namwino. A Gashaw alipo angati m'tauni muno? Si wina wa kumsika uja amatsokomola ngati bulu? Anthu akuchipatala inu mumalemba maina mukucheza pa foni, mwatiphera bambo ndi mankhwala osagwira, lero mwabwera kudzawanamizira kuti akulavula ali m'dothi.

"Dzina pakabotolopo ndinalemba ndine, achimwene, ndi dzanja langa lino," anatero Mulunesh. "Ndipo mlonda akuti anabweretsa ndi munthu wamkazi, wofunda nsalu mozondoka ngati wochokera pamaliro. Ine sindinabwere kudzakangana. M'nyumba muno muli munthu wodwala, ndipo akapanda kubwera, tenti iyi mudzaikhomanso."

Kutsogolo kwa nyumba kunkamveka mawu a Mayi Askale akulamula atsikana kusuntha mabenchi. Amenewa anali mayi a mnyamata amene ankayembekezera kukwatira Wubalem Pasaka ikadutsa, ndipo maliro a eni anali atawatenga ngati awo. Ndi mayi omwe aja anathetsa chibwenzi cha mwana wawo wina atangomva kuti agogo a mtsikanayo anali ndi khunyu. Nkhani imeneyo aliyense ankaidziwa.

Wubalem anatsokomola. Anayesa kutsekera kukamwa ndi nsalu, koma chifuwacho chinakana, chinamugwedeza mpaka khofi wina anatayikira pamakala.

"Utsi," anatero Endale mwachizolowezi. Miyezi yonseyi m'nyumbamo ankati ndi utsi. Atangolitchula liwulo anamuyang'ana mlongo wake, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona mmene diresi lakuda linkamulendewera m'mapewa.

"Ndine ndinapititsa," anatero Wubalem. "Ababa anandiuza Lachisanu kuti, zivute zitani, Lolemba kabotolo kakafike. Amafuna adziwe ngati ndikuchira."

"Iweyo? Uchire chiyani?" anafunsa mayi ake.

"Kabotolo ka mwezi watha kanalinso kanga, amayi. Anandimva ndikutsokomola, anati chifuwa chimenechi akuchidziwa. Anati ndikakalembetsa kuchipatala, dzuwa lisanalowe a Askale amva. Ndiye anati tizigwiritsa dzina lawo."

"Nanga mankhwala?" anafunsa namwino, mawu atatsika.

"Poyamba ankagawa pakati. Kenako onse ankandipatsa ine."

"Bodza!" anakuwa Endale. "Mankhwala ankasunga amayi. Ankawapatsa m'manja m'mawa uliwonse ine ndikuona."

"Inde, mumaona. Mumaonanso akundidyetsa gursha."

Gursha ndi mwambo woikirana chakudya m'kamwa posonyeza chikondi. Gursha wa m'mawa wa a Gashaw anali nthabwala ya m'nyumbamo. Asanadye aliyense, ankanyema injera, buledi wopyapyala wa kumeneko, kuikulunga bwinobwino, n'kumuika mwana wawo wamkazi m'kamwa ndi dzanja lawo. Endale ankawaseka kuti akunenepetsera eni ake mkwatibwi. A Tiruwork ankachita kansanje, kuti iwo zaka zonsezi sanadyetsedwepo chonchi.

"Mapilitsi ankakhala m'kati," anatero Wubalem, misozi ili chuchuchu. "Ndinawachonderera kuseri kuti asiye. Ndiye anayamba kuchitira pamaso panu dala. Ndani angakane gursha wa bambo ake anthu akuona?"

A Tiruwork anakhala pansi, padothi penipeni. Sankadziwa kuti alire kapena atukwane. Mwamuna ameneyu! Wouma mutu ameneyu! Ankawonda iwo akuona, n'kumati mankhwala ndi amphamvu, pamene ankameza malovu okha.

"Ndiye anadzipha," anatero Endale, koma ukali unali utamuthera.

"Mankhwala ogawana sachiritsa aliyense," anatero Mulunesh. "Mwina tizilomboti taphunzira kuwapirira. Tiyenera kuyeza kwina kuti tidziwe mankhwala amene angagwire, ndipo pamenepo pafunika dzina lake lenileni. Nonse mukayezedwe. Mnyamata wakenso."

"Mnyamatayo ayi," anatero Endale. "Sitingadikire ukwati udutse? Bambo afera zimenezi. Tiwononge ife?"

Asanayankhidwe, a Askale anatulukira pakona ya nyumba, mbale ya injera ili m'manja.

"Asewere, mwabisala kuno? Chigonereni simunalawe kanthu. Nanga mpongozi wanga akulira chiyani chonchi? Kodi kwagwanji?"

"Palibe, amayi," anatero Endale mwachangu. "Ndi chisoni chabe."

A Tiruwork anadzuka, nadzisansa fumbi. Anayang'ana mwana wawo wamwamuna, kenako mbale ija. Mantha anali nawo, koma amuna awo anali atawaika kale sabata imeneyo ndipo mwana sankafuna kumuika.

"Wubalem ali ndi chifuwa chachikulu, asewere," anatero. "Mawa ndikupita naye kuchipatala. Mwana wanu akayezetsenso. Za ukwati muona nokha."

A Askale anabwerera m'mbuyo, pakamwa pali yasa, koma mbale inali itatengedwa kale. A Tiruwork ananyema injera, naikulunga bwinobwino, naiika m'kamwa mwa mwana wawo.

Munalibe mapilitsi m'kati. Koma Wubalem anatseka maso, nameza osatafuna.